Mbewa sizisuta, nanga zimatiuza chiyani za chibaba cha fodya?

Nthawi ndi nthawi pamatuluka nkhani yakuti akatswiri a sayansi apeza jini imene imapangitsa munthu kukanika kusiya fodya. Mukaiwerenga mpaka kumunsi mumapeza kuti kafukufukuyo anachitikira pa mbewa kapena makoswe, ndipo apa m'pamene ambiri amagwa mphwayi. Kwathu kuno mbewa ndi ndiwo, timaziona pa mpani m'mbali mwa msewu wa M1, ndipo palibe anaionapo ikuyatsa ndudu. Ingatiphunzitse chiyani za bambo wa ku Kawale amene chaka ndi chaka amalumbira kuti wasiya, koma m'mawa uliwonse amakoka kaye ndudu asanasukusule n'komwe?

Funsoli n'lofunika mu mzinda ngati Lilongwe, kumene mabelo a fodya amadzaza ku okushoni ku Kanengo pamene odwala khansa ndi matenda a m'mapapo akufola ku Kamuzu Central, ndiponso m'dziko limene mu 2023 linalowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta. Mbewa siimira wosuta yense. Imaimira kachigawo kamodzi ka vutoli, ndipo phindu la kafukufuku limadalira kuti kachigawoko kasankhidwa ndi kuyezedwa bwanji.

Kodi kusuta n'kwakumtundu?

Majini ndi zigawo za DNA zimene zimanyamula malangizo opangira mapuloteni m'thupi. Tonse tili ndi majini ofanana, koma kalembedwe kake kamasiyana pang'ono munthu ndi munthu, ndipo kusiyana kumeneku n'kumene timatengera kwa makolo.

Umboni woyamba wakuti majini ali ndi mbali pa kusuta unachokera kwa mapasa. Mapasa ochokera m'dzira limodzi ali ndi DNA yofanana pafupifupi yonse, pamene ochokera m'mazira awiri amafanana theka, ngati abale ena onse a bere limodzi. Kafukufuku wa mapasa ku Ulaya, America ndi Australia wakhala akusonyeza kuti mapasa a dzira limodzi amafanana kwambiri pa kasutidwe, ndipo pafupifupi theka la kusiyana kwa anthu pa chibaba cha fodya limafotokozeka ndi majini. Chiwerengerochi chimanena za gulu lonse lomwe lafufuzidwa, osati kuti theka la chibaba cha munthu mmodzi analandira kwa bambo ake. Sichitanthauzanso kuti chikhalidwe chilibe mphamvu. M'Malawi muno amayi osuta ndudu ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi abambo, chonsecho majini olandira nikotini ndi omwewo.

Komanso kusuta si khalidwe limodzi. Pali kuyamba, pali kuchuluka kwa ndudu pa tsiku, pali kuvutika ukasiya, ndiye pali kubwereranso patapita miyezi. Chilichonse chili ndi majini ake, ena ogawana ena ayi. Pa anthu n'kovuta kuzilekanitsa, chifukwa mwana wa wosuta amatengera majini komanso amakulira m'nyumba ya utsi, ndipo palibe angaloledwe kutenga ana n'kuwagawa kuti awa azisuta awa ayi.

Kumene nikotini amafikira

Nikotini, amene ambiri timamutcha chikonga, anapatulidwa koyamba m'masamba a fodya mu 1828 ndi Posselt ndi Reimann ku Heidelberg. Mu 1905 John Langley wa ku Cambridge anagwiritsa ntchito nikotini yemweyu kusonyeza kuti maselo ali ndi malo apadera olandirira mankhwala. Ndudu imodzi imakhala ndi mamiligalamu 10 kapena kuposerapo a nikotini, koma amene amalowa m'magazi ndi 1 mpaka 2, ndipo amafika mu ubongo m'masekondi 10 mpaka 20.

Malo olandirirawo anapangidwa kuti azilandira acetylcholine, mankhwala a m'thupi momwemo, koma nikotini amakwanamonso. Malo amodzi amamangidwa ndi tizidutswa tisanu ta puloteni, ndipo kachidutswa kalikonse kali ndi jini yake. Tizidutswati timatchedwa alpha ndi beta, kenako nambala: alpha4, alpha5, beta2, beta4 ndi tina. Nikotini akafika pa malo a alpha4 ndi beta2 m'kachigawo ka ubongo kotchedwa VTA, maselo amatulutsa dopamine, amene amaphunzitsa ubongo kuti zimene zachitikazi zibwerezedwe. Kenako chiwindi chimagaya nikotiniyo pogwiritsa ntchito puloteni ya jini yotchedwa CYP2A6, n'kumusandutsa cotinine. Mwa munthu, theka la nikotini limakhala litachoka m'magazi pakatha maola awiri.

Dongosolo lonseli mbewa ndi makoswe alinso nalo. DNA ya mbewa itawerengedwa pafupifupi yonse mu 2002 zinapezeka kuti pafupifupi majini 80 pa 100 aliwonse a mbewa ali ndi mnzake mmodzi wodziwika bwino mwa munthu.

Mbewa za mu labotale

Izi si mbewa zokumba m'munda. Zimachokera ku mbewa ya m'nyumba ya ku Ulaya ndi Asia, ndipo zambiri ndi za mitundu imene inapangidwa pokwatitsa mbewa za bere limodzi kwa mibadwo 20 kapena kuposa, mpaka zonse za mtunduwo zikhale ngati mapasa a dzira limodzi. Mbewa imatenga bere masiku pafupifupi 20 ndipo imakhwima m'masabata 6 mpaka 8, choncho mibadwo 20 ndi ntchito ya zaka zochepa.

Mlimi angamve msanga cholinga chake. Ku Chitedze akafuna kudziwa ngati mbewu ya chimanga ili bwino, amadzala mitundu yosiyana m'munda umodzi, feteleza ndi madzi zofanana. Zokolola zikasiyana, chifukwa chake ndi mbewu. Akadzala mtundu umodzi m'minda yosiyana, kusiyana kumachokera ku nthaka ndi nyengo. Mbewa za mtundu umodzi zimapereka mwayi womwewo: chakudya, kuwala, kutentha ndi mlingo wa nikotini zikafanana, chotsala ndi majini.

Clarence Little ndiye anayamba mtundu wa DBA mu 1909 ndi C57BL mu 1921, n'kukhazikitsa Jackson Laboratory ku Maine mu 1929. Chodabwitsa n'chakuti mu 1954 munthu yemweyu anakhala mkulu wa zasayansi wa komiti ya kafukufuku ya makampani a fodya ku America, ndipo anatha zaka zambiri akunena kuti umboni wakuti fodya amayambitsa khansa sunakwane.

M'zaka za m'ma 1980, Allan Collins ndi Michael Marks a ku University of Colorado anayerekeza mitundu yambiri ya mbewa zoterezi. Anapeza kuti mlingo womwewo wa nikotini umatsitsa kutentha kwa thupi, kuchepetsa kuyendayenda kapena kuyambitsa khunyu mosiyana kwambiri mtundu ndi mtundu, ndipo kusiyanako kumagwirizana ndi kuchuluka kwa malo olandirira nikotini mu ubongo. Masiku ano palinso magulu a mbewa ndi makoswe osakanizidwa dala kuchokera ku mitundu isanu ndi itatu, kuti nyama iliyonse ikhale yosiyana ndi inzake monga alili anthu, ndipo jini yobisika ifufuzidwe pa nyama mazanamazana kapena masauzande.

Khoswe amafunsidwa bwanji ngati akufuna nikotini?

Njira imene akatswiri amaidalira kwambiri ndi yakuti nyamayo izidzipatsa yokha mankhwala. Khoswe amagonetsedwa, kenako kachubu kofewa kamalowetsedwa mu mtsempha waukulu wa m'khosi, n'kudutsa pansi pa khungu mpaka kutulukira pamsana. Akachira, patatha pafupifupi sabata, amaikidwa m'bokosi lokhala ndi tizitsulo tiwiri todina. Kamodzi n'kolumikizidwa ku pampu, kachiwiri sikachita kanthu. Akadina koyamba kaja, pampu imakankha nikotini pang'ono m'magazi, getsi laling'ono limayaka, ndipo kwa masekondi 20 kapena mphindi imodzi kudina sikubweretsa kanthu, kuopa kuti angadzipatse wambiri nthawi imodzi.

William Corrigall ndi Kathleen Coen a ku Toronto ndiwo anakhazikitsa njirayi pa makoswe mu 1989, ndipo mlingo wawo ukugwiritsidwabe ntchito: mamiligalamu 0.03 pa kilogalamu ya thupi pa jekeseni iliyonse, ola limodzi pa tsiku. Khoswe wa magalamu 300 amalandira mamiligalamu 0.009. Poyamba kudina kamodzi n'kokwanira, kenako amafunika kudina kasanu. Pofuna kuyeza kukula kwa chilakolako, chiwerengero chimakwezedwa jekeseni iliyonse mpaka khosweyo atagwa ulesi, ndipo pamene wasiyirapo ndiye muyeso wake. Pofuna kuyeza kubwerera, pampu imazimitsidwa kwa masiku angapo mpaka asiye kudina, kenako getsi lija limayatsidwanso kapena amapatsidwa nikotini pang'ono, n'kuona ngati ayambirenso.

Zimene zimalakwika n'zambiri. Kachubu kamatsekeka ndi magazi oundana, choncho kamatsukidwa tsiku lililonse ndi madzi a mchere osakaniza heparin, mankhwala oletsa magazi kuundana, ndipo kamayesedwa ndi mankhwala ogonetsa ofulumira: nyama ikapanda kufooka m'masekondi ochepa, kachubuko kafa ndipo zotsatira zake zimatayidwa. Pa mbewa ya magalamu 25 mtsemphawo ndi woonda kwambiri moti zambiri zimatayika motere. Makoswe ambiri amayamba aphunzitsidwa kudina pofuna chakudya ali ndi njala, ndiye pamafunika kutsimikiza kuti sakudinabe poyembekezera chakudyacho. N'chifukwa chake gulu lina limapatsidwa madzi a mchere okha. Anthony Caggiula ndi anzake ku Pittsburgh anasonyezanso kuti getsi lija likachotsedwa makoswe amadina mochepa kwambiri, kutanthauza kuti mbali yaikulu ya mphamvu ya nikotini ndi kukometsa zinthu zina zimene zimabwera naye limodzi. Wosuta amene chibaba chimamugwira akangomva fungo la mowa akudziwa zimenezi.

Mbiri ya njirayi ili ndi mbali imene anthu ambiri saidziwa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, Victor DeNoble anali ataona kale makoswe akudzipatsa nikotini mu labotale ya kampani ya Philip Morris. Labotaleyo inatsekedwa mu 1984 zotsatira zisanasindikizidwe, ndipo iye anadzafotokoza nkhaniyi ku nyumba ya malamulo ya America mu 1994.

Pali njira zina zosavuta. Mbewa imapatsidwa mabotolo awiri, lina la madzi lina la madzi a nikotini, koma nikotini ndi wowawa, ndiye mtundu umene ukumwa wambiri mwina wangokhala wosamva kuwawa. Njira ina ndi bokosi la zipinda ziwiri: nyama imabayidwa nikotini m'chipinda chimodzi kwa masiku angapo, kenako imasiyidwa kuti isankhe kokhala. Pofuna kuona kuvutika kwa wosiya, kapampu kakang'ono kamaikidwa pansi pa khungu kuti kazitulutsa nikotini usana ndi usiku kwa sabata kapena awiri. Kakachotsedwa, kapena nyamayo ikabayidwa mecamylamine amene amatseka malo olandirira, wofufuza amakhala n'kumawerenga kunjenjemera, kukukuta mano, kudzikanda ndi kugwa kwa zikope.

Kuchotsa jini imodzi

Luso lozimitsa jini imodzi mwa mbewa linapezetsa Mario Capecchi, Martin Evans ndi Oliver Smithies mphoto ya Nobel mu 2007, ndipo kuchokera mu 2013 njira yodulira DNA yotchedwa CRISPR yafupikitsa ntchitoyi. Mbewa yotere imatchedwa knockout. Imayerekezedwa ndi abale ake a bere limodzi amene jiniyo ali nayo.

Mu 1998 Marina Picciotto, Jean-Pierre Changeux ndi anzawo anasonyeza kuti mbewa zopanda beta2 sizipitiriza kudzipatsa nikotini, ndipo dopamine sakwera zikabayidwa. Mu 2005 gulu la ku Institut Pasteur ku Paris linabwezeretsa jiniyo mu VTA mokha, mbewazo n'kuyambanso kumufuna. Umenewu ndi umboni umene sungapezeke pa munthu: kuchotsa, khalidwe n'kutha, kubwezera pamalo amodzi, khalidwe n'kubwerera. Mankhwala othandiza kusiya fodya a varenicline, amene anavomerezedwa ku America mu 2006, amagwira pa malo omwewa a alpha4 ndi beta2.

Nkhani ya alpha5 inayambira kwa anthu. Mu 2008 magulu atatu a ofufuza, limodzi la ku Iceland, anapeza kuti kusiyana kwa DNA pa kromozomu 15 (kromozomu ndi mtolo wa DNA wa m'maselo), pamene pali majini a CHRNA5, CHRNA3 ndi CHRNB4 opanga tizidutswa ta alpha5, alpha3 ndi beta4, kumagwirizana ndi khansa ya m'mapapo komanso kusuta kwambiri. Kusintha kwa chilembo chimodzi mu CHRNA5 kumafooketsa kachidutswa ka alpha5, ndipo amene anatengera kusinthaku amasuta pafupifupi ndudu imodzi yowonjezera pa tsiku pa kholo lililonse limene linamupatsa. Apa panali chozunguza mutu. Ngati malo olandirira nikotini afooka, bwanji munthu akusuta kwambiri m'malo mochepetsa?

Mbewa ndizo zinayankha. Mu 2011 Christie Fowler ndi Paul Kenny a ku Scripps ku Florida anapeza kuti pa mlingo wochepa mbewa zopanda alpha5 zimadina mofanana ndi zinzake. Mlingo ukakwezedwa, mbewa wamba zimachepetsa kudina chifukwa nikotini wambiri amanyansa, koma zopanda alpha5 zimangopitiriza. Kachidutswaka kamapezeka kwambiri m'kachigawo ka ubongo kotchedwa habenula ndi m'njira yochokera kumeneko, ndipo jiniyo itabwezeretsedwa mu habenula mbewazo zinayambanso kudziletsa. Choncho kufooka kwa jiniyi sikuwonjezera kukoma kwa fodya. Kumachepetsa chizungulire ndi mseru zimene zimauza thupi kuti basi zakwana. Mu 2018 makoswe opatsidwa kusintha kwenikweni kwa anthu kuja anasonyezanso kudzipatsa nikotini wambiri pa mlingo wokwera ndi kubwerera msanga atasiyitsidwa. Kafukufuku wina anapeza kuti mbewa zopanda beta4 sizionetsa kwambiri zizindikiro za m'thupi zikasiyitsidwa, pamene zopanda beta2 zimazionetsa. Kukoma, kunyansidwa ndi kuvutika posiya zimayendera njira zosiyana.

Pamene mbewa imasocheretsa

Choyamba ndi mlingo. Mwa mbewa, theka la nikotini limachoka m'magazi m'mphindi zosakwana 10, mwa khoswe pafupifupi ola limodzi, mwa munthu maola awiri. Mlingo wa pa kilogalamu sungangokopedwa kuchoka ku nyama ina kupita ku inzake. Ngakhale puloteni yogaya imasiyana: mbewa ili ndi Cyp2a5 yofanana ndi yathu, pamene khoswe amadalira kwambiri banja lina la CYP2B. Palinso msampha wa masamu. Nikotini wa mu labotale nthawi zambiri amabwera ngati mchere wa tartrate, ndipo nikotini weniweni ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake. Lipoti likapanda kunena kuti mlingo wawerengedwa pa mchere kapena pa nikotini yekha, wobwereza kafukufukuyo akhoza kupereka mlingo wochuluka kapena wochepa katatu.

Chachiwiri, mbewa ya knockout imabadwa ndi kukula yopanda jiniyo, ndipo ubongo umatha kudzikonza pogwiritsa ntchito tizidutswa tina. Zambiri zakale zinapangidwa ndi maselo a mtundu wa 129 n'kukwatitsidwa ndi C57BL/6 kwa mibadwo 10, komabe majini oyandikana ndi yochotsedwayo amatsalira a 129, ndipo khalidwe looneka likhoza kukhala lawo. Mwa anthunso jini sichotsedwa yonse, imangosintha pang'ono.

Malo nawo amalowerera. Mu 1999 John Crabbe ndi anzake anayesa mitundu yofanana ya mbewa tsiku limodzi, ndi zipangizo zofanana, ku Portland, Edmonton ndi Albany, koma zotsatira zina zinasiyanabe. Mbewa zimachangamuka usiku, ndiye kuziyesa masana kuli ndi zotsatira zake. Kwa zaka zambiri ankagwiritsa ntchito zamphongo zokhazokha, mpaka bungwe la NIH ku America linalamula kuyambira 2016 kuti kusiyana kwa zazikazi ndi zamphongo kuziganiziridwa.

Chachikulu n'chakuti nikotini wa mu mtsempha si ndudu. Utsi uli ndi mankhwala oposa 7,000, ena mwa iwo amafooketsa puloteni ya MAO imene imagaya dopamine. Mbewa zimapumira m'mphuno mokha ndipo zimathawa utsi, choncho kuzitsekera m'bokosi la utsi kumayeza kuwonongeka kwa mapapo osati chilakolako. Katemera wa NicVAX ankatchinga nikotini kuti asafike mu ubongo wa makoswe, koma mu 2011 mayeso akuluakulu pa anthu anasonyeza kuti sanapose jekeseni wopanda mankhwala.

Pa funso lakuti n'koyenera kuvutitsa nyama motere, anthu amagawanika. Ena amati imfa zoposa 7 miliyoni pa chaka zobwera ndi fodya zimalungamitsa ntchitoyi. Ena amati nyama siyenera kulipira chizolowezi cha anthu, makamaka pamene zotsatira zambiri sizifika kuchipatala. Makomiti ovomereza kafukufuku amatsata mfundo zitatu za Russell ndi Burch za mu 1959: kugwiritsa ntchito njira ina ngati ilipo, kuchepetsa chiwerengero cha nyama, ndi kuchepetsa ululu. Mwa zina n'chifukwa chake ena amayamba ndi tinsomba ta zebrafish, ntchentche za pa zipatso kapena kanyongolotsi ka C. elegans, zimene nazonso zimasintha khalidwe zikapatsidwa nikotini.

Mafunso amene adakali poyera

Kusintha kwa CHRNA5 kumene kunatchuka kuja n'kofala mwa azungu, pafupifupi kromozomu imodzi mwa zitatu, koma n'kosowa mwa anthu ochokera mu Africa. Mwa anthu akuda a ku America kunapezeka kusintha kwina pafupi ndi jini yomweyo. Mitundu ya CYP2A6 yogaya pang'onopang'ono, imene nthawi zambiri imachititsa munthu kusuta ndudu zochepa, imapezeka kwambiri mwa anthu ochokera mu Africa ndi kum'mawa kwa Asia. Kafukufuku wamkulu wa mu 2022 anaphatikiza anthu 3.4 miliyoni, koma pafupifupi anayi mwa asanu anali a makolo a ku Ulaya. Njira ya habenula ili mu ubongo wa aliyense, koma kuti ndi kusintha kuti kumene kumaigwedeza mwa Mchewa wa ku Mitundu kapena Myao wa ku Mangochi, palibe mbewa ingayankhe mpaka anthuwo atafufuzidwa kaye.

Kafukufuku yemweyo anapeza malo masauzande a mu DNA okhudza fodya ndi mowa, aliwonse ndi mphamvu yochepetsetsa, ndipo ambiri sali m'kati mwa jini koma m'zigawo zoyatsa ndi kuzimitsa majini, zimene zimasiyana kwambiri pakati pa mbewa ndi munthu. Sizikudziwika kuti njira yochotsa jini imodziimodzi ingathe bwanji mulu wonsewu.

Pa chithandizo, mayeso a mu 2015 ku America ndi Canada anasonyeza kuti ogaya nikotini mofulumira amathandizika kwambiri ndi varenicline kuposa kachigamba ka nikotini komata pakhungu, pamene kwa ogaya pang'onopang'ono ziwirizi zinali zofanana. Ngati kuyeza magazi kotere kungakhale kwaphindu m'zipatala zimene ngakhale mankhwalawo sapezekapezeka, ndi nkhani ina. Pali zotsatira za mbewa zosonyeza kuti nikotini wopatsidwa kwa yamphongo amasintha zina mwa ana ake, koma ngati zimachitikanso mwa anthu sizinatsimikizike.

Ndiye pali kalowedwe ka nikotini kakwathu. Njira za mu labotale zinakonzedwa potsanzira ndudu ya m'paketi. Chingambwe chopichira pa pepala chilibe sefa ndipo mphamvu yake imasiyana tsamba ndi tsamba. Fodya wofwenkha ndi woika m'kamwa, amene agogo ambiri amagwiritsa ntchito, amalowa m'magazi kudzera m'mphuno ndi m'kamwa, osati m'mapapo. Alimi a ku Kasungu, Dowa ndi Mchinji othyola fodya wonyowa ndi mame amalandira nikotini kudzera pakhungu, ena mpaka kusanza ndi kuchita chizungulire osasuta n'kamodzi komwe. Kodi majini ogaya nikotini ndi a habenula ndiwo amasiyanitsa amene amadwala m'munda ndi amene sadwala, ndipo kodi mwana wokulira m'zigafa amadzagwidwa chibaba msanga akadzalawa ndudu?